Mlosi wa Mpikisano wa Njinga

Chaka chilichonse, mpikisano waukulu wa njinga ukayamba, a Mafiriji ankazimitsa wailesi ya m'shopu mwawo dzuwa likangopendeka. Dzina lawo lenileni linalipo, koma anthu a mumsewu wonsewo ankawatchula ndi ntchito yawo yokonza mafiriji. Shopuyo inali yopapatiza, yodzaza mafiriji akufa otsamirana, makompresa akuda ali mbwee pansi, silinda ya gasi yomangidwa unyolo pakona. Munthu akalowa masana n'kuyamba kuti, "Mwamva za njinga zanu zija?" iwo ankakweza sipanala m'mwamba.

"Musamalize. Mukamaliza, firiji yanu muinyamule."

Mpikisanowo unkachitikira kutali, m'maiko a mapiri ataliatali, ndipo unkatenga masabata atatu. Tsiku lililonse linali ndi gawo lake: lero msewu wa m'chigwa, mawa mapiri, mkuja aliyense kupalasa payekha kulimbana ndi wotchi. Pa TV ankauonetsa masana, nthawi ya ntchito, kenako n'kuubwereza madzulo. A Mafiriji ankaonera wobwerezawo, koma ankafuna kuuonera ngati munthu wosadziwa kanthu. Choncho pakhomo pawo panali lamulo: wokhala pampando wa pabalaza asakhale atamva amene wapambana.

Mnzawo woonera naye anali a Telala, a shopu yoyandikana, amene ankabwera ndi khushoni yawoyawo chifukwa cha msana. Mayina a opalasawo anali opinda lilime, ndiye awiriwa anawapatsa awoawo. Kunali Dokowe, wamiyendo italiitali, amene ankavala jezi ya wotsogola. Kunali Chiwala, kamunthu kakang'ono kodumphadumpha paphiri. Kunalinso Bulu, mkulu wandevu amene sanapambanepo kanthu, ntchito yake kunyamulira anzake mabotolo a madzi ndi kuwatchinga mphepo. Bulu ndi amene a Mafiriji ankamukonda.

"Mpira ndi nkhani ya tsiku limodzi," ankatero. "Njinga si choncho. Wokukoka lero ndi amene akusiye mawa paphiri. Ukawononga mphamvu Lachiwiri, miyendo idzakufunsa Loweruka."

Kale anali ndi ngwazi yawo, ndipo chithunzi chake anachimata pachitseko cha firiji ya m'shopu. Zitadziwika kuti munthuyo ankadzibaya mankhwala owonjezera mphamvu, anachipala ndi sikuludiraiva mpaka utoto unachoka nawo. Kuyambira pamenepo, aliyense wokwera phiri osatsegula pakamwa ankamuyang'ana ndi diso limodzi.

Chaka china mwana wawo wamkazi, amene anali namwino, anabwera ndi bwenzi lake kunyumba. Anali mphunzitsi wa masamu wa kusekondale, munthu waulemu, wa malaya ositidwa bwino, wokonda kupukuta magalasi ake ngakhale ali oyera. Anafika madzulo a gawo loyamba, ndipo anamukhazika pampando wa pafupi ndi zenera. Anaonera mwakachetechete kwa kanthawi, kenako anafunsa.

"Bambo, bwanji wamphamvu kwambiriyo osangothawa kuyambira pachiyambi, n'kukafika yekha?"

A Mafiriji anangokweza mawu a TV. Mphunzitsiyo anakhala phee mpaka mpikisano unatha.

Mawa lake anabweranso. Anayamba walowa kukhitchini kukapereka moni kwa amayi, kenako anadzakhala pampando wake uja. Pa TV panali anthu ochepa amene anathawa kutsogolo, chigulu chachikulu chikuwalondola kumbuyo.

"Othawawa lero sagwidwa," anatero mphunzitsiyo.

A Mafiriji anaseka. "Pamsewu wosalala chonchi? Chigulu chimangowasungira mathero, aphunzitsi, ngati mphaka ndi khoswe."

Koma mphepo inawomba cham'mbali, chigulu chinaduka pakati, ndipo othawawo sanagwidwe. A Telala anawomba m'manja.

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndi masamu chabe," anayankha mphunzitsiyo, uku akupukuta magalasi.

Tsiku lotsatira ananena kuti Chiwala agwa potsetsereka, ndipo anagwadi, n'kudzuka chigongono chili magazi. Tsiku lina ananena kuti wopambana akhala wa timu ya jezi zobiriwira. Anaphonyako kamodzi, koma a Mafiriji anaona ngati kuphonyako kunali kwadala, chifukwa munthuyo sanaoneke wokhumudwa ngakhale pang'ono.

Anayamba kumuyang'anitsitsa. Anthu ena onse, opalasa akamayandikira mzere womaliza, ankasendera kutsogolo pampando, a Telala mpaka kuiwala za msana. Mphunzitsi ankakhala chotsamira, mwendo pamwamba pa unzake. Nthawi zina ankayang'ana wopambanayo asanatulukire n'komwe m'gulu.

"Munthu uyu amabwera akudziwa kale," a Mafiriji anauza akazi awo m'mawa wina akumanga nsapato.

"Mwina ndi wanzeru basi," anatero amayiwo, osasiya kupukuta tebulo.

"Dzana ankafunsa funso la mwana wa mkaka. Lero ndi mlosi? Galu wamkota sakandira pachabe, amayi."

"Nanga akakhala kuti akudziwa, walakwira ndani?"

"Munthu wonama pa njinga, pa zinazo atani? Mwana wathu tikumupereka kwa ndani?"

Madzulo ake anamufunsa mphunzitsiyo pamaso pa onse, TV isanayatsidwe.

"Aphunzitsi, lamulo la nyumba ino anakuuzani?"

"Anandiuza, bambo."

"Ndiye foni yanu simuyang'anamo za njinga masana?"

"Sindinayang'anemopo, bambo. Ngakhale wailesi sindimvera. Foni nayi, muione."

Anaipereka ndi manja awiri. A Mafiriji anailandira, n'kuitembenuza, osadziwa choyang'ana. Mwana wawo anaimirira pakhomo la kuchipinda atapinda manja.

"Adadi, mwasanduka apolisi?"

"Ndikungofunsa."

"Funsaninso ngati ali ndi mkazi wina, tithane nazo lero lomwe."

A Mafiriji anaibweza foniyo. Chowavuta chinali chakuti mphunzitsiyo poyankha anawayang'ana m'maso, ndipo mawu ake sananjenjemere. Koma madzulo omwewo analoseranso kuti Dokowe aluza nthawi paphiri lomaliza koma jezi aisunga, ndipo zinachitika ndendende.

Tsopano a Mafiriji anaganiza kuti pali wina amene amamuuza. Woyamba kumukayikira anali a Telala, chifukwa ndi amene ankaseka kwambiri zolosera zikakwaniritsidwa. Masana ena a Mafiriji anasiya firiji ili yotsegula kumbuyo, n'kulowa mwakachetechete m'shopu ya anzawo. Anapeza a Telala akusoka mpendero wa thalauza, mapini ali pakamwa. Anayamba kusuzumira pansi pa tebulo lodulira, kuseri kwa mipukutu ya nsalu, mpaka kukweza chivindikiro cha bokosi la mabatani.

"Mukufuna chiyani, achimwene?"

"Mulibe kawailesi muno?"

A Telala analavulira mapini m'dzanja. "Taonerera limodzi kuyambira mwana wanu ali kumbuyo kwa mayi ake. Lero ndine kazitape?"

"Mumagwirizana naye kwambiri."

"Ndimagwirizana naye chifukwa amandipatsa moni. Inu mumamuyang'ana ngati wabwera kudzaba TV."

Madzulo amenewo a Telala sanabwere, ndipo pampando pawo panali zii. Mphunzitsi analoserabe, ndipo analondola. Ndiye a Telala anali osalakwa. A Mafiriji anapita kukawapepesa mwa njira yawo: anawakonzera fani ya m'shopu osapemphedwa.

Wotsala anali mwana wawo. Kuchipatala kuli ma TV m'mawodi, ndipo anthu a chikondi amachitirana zinthu. Anamufunsa akubwera kuntchito, asanavule n'komwe nsapato zoyera zija.

"Adadi, ine tsiku lonse ndimakhala ndi odwala. Njinga zanuzo sindidziwa kuti akupita kuti kapena akuchokera kuti."

"Ndiye amadziwa bwanji?"

"Mufunseni nzeru, osati mlandu." Kenako anawonjezera motsitsa mawu. "Inenso ndinamufunsa. Anangoseka."

A Mafiriji anaona kuti nayenso mwanayo nkhaniyi ikumudya, ndipo zinawawawa kuposa mmene ankaganizira. Ntchito inayamba kuwavuta. Anathira gasi m'firiji ya munthu asanatseke pobooka, n'kudzaiyambanso mawa lake.

Kenako anakumbukira kuti Lamlungu shopu satsegula, ndipo gawo la tsikulo linali la mapiri akuluakulu. Zaka zonse ankadikirabe wobwereza, chifukwa masana a Lamlungu a Telala ankakhala kwa mwana wawo. Ulendo uno anakawanyengerera kuti ajombeko. Kwa mphunzitsi anangotumiza uthenga kuti abwere adzadye nawo nkhomaliro.

Atatha kudya, a Mafiriji anayatsa TV. Pakona ya galasi la TV panali kachizindikiro kofiira kosonyeza kuti zikuchitika nthawi yomweyo.

"Lero tionera limodzi ndi dziko lonse," anatero. "Ngakhale wopambanayo sakudziwa kuti apambana."

Mphunzitsi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Anawapukuta nthawi yaitali.

Opalasa anali atayamba kukwera phiri loyamba. Kagulu kanathawa, ndipo m'kagulumo munali Bulu. Timu yake inali itataya mtsogoleri wawo chifukwa cha ngozi, ndiye panalibenso womunyamulira mabotolo. Anamumasula kuti adziyesere yekha. A Mafiriji anasendera kutsogolo, koma sanaiwale chimene anakonzera tsikulo.

"Nenani, aphunzitsi. Masamu akuti chiyani?"

"Kudakali m'mawa, bambo."

"Masiku onse mumanena nthawi ngati ino."

Mphunzitsi anayang'ana TV, kenako maso ake anathawira kukhomo la kukhitchini, n'kubwerera msanga. "Ndikuona ngati pa othawawa apambana wa jezi yoyerayo."

Pasanapite nthawi, wa jezi yoyera anayamba kutsalira, mutu uli pendapenda, mpaka kamera inamusiya. A Telala anatsokomola. A Mafiriji anangogwedeza mutu pang'onopang'ono.

Koma mpikisano sunawadikire. Paphiri lachiwiri othawa aja anayamba kuthothoka mmodzimmodzi. Pofika paphiri lomaliza, Bulu anatsala yekha kutsogolo. Ndevu zake zinali zonyowa, jezi yotsegula mpaka pamimba, njinga ikupita uku ndi uku ngati yaledzera. Anthu a m'mbali mwa msewu ankathamanga naye, kumukuwira m'khutu. Kumbuyo, Chiwala anadumpha kuti amuthawe Dokowe, Dokowe n'kumukakamira, ndipo liwiro la awiriwo linayamba kudya mpata wa Bulu.

"Iwowa sakumufuna iyeyo, eti?" anafunsa mphunzitsi. Anali atatsitsa mwendo pansi.

"Ayi. Akulimbirana jezi. Iye wangopezeka panjira," anatero a Mafiriji.

"Ndiye angomusiya apambane."

"Sangaime. Chiwala akangopuma, masabata awiri onsewa apita pachabe."

"Nanga bwanji Bulu akuyang'ana kumbuyo? Asayang'ane kumbuyo."

Mphunzitsi anali atasendera kumapeto kwa mpando. Pamene chikwangwani cha kilomita yomaliza chinaoneka, anaimirira osadziwa, n'kutchinga a Telala, amene anamukoka malaya kuti akhale. Sanakhale. Milomo yake inkawerenga masekondi otsala pa galasi. Bulu anakhota kona yomaliza, mzere ukuoneka patsogolo pake, anaimirira panjinga kuti apalase komaliza, miyendo n'kukana. Chiwala ndi Dokowe anamudutsa mbali zonse ziwiri ngati akudutsa mtengo.

Pa TV Bulu anawoloka mzere ali wachitatu, n'kugona pamsewu chagada, munthu wina akumuthira madzi kumaso.

Mphunzitsi anakhala pansi pang'onopang'ono. "Tsiku lonse yekha," anatero. "Ndiye mawa atani?"

"Mawa akupuma. Mkuja anyamulanso mabotolo."

A Mafiriji anazimitsa TV. Anali atagwira wakuba wawo, koma sanamve kukoma kumene ankayembekezera, chifukwa nawonso za Bulu zinawapweteka, ndipo munthu yekhayo m'chipindamo amene ankaoneka wopwetekedwa ngati iwo anali wakubayo.

"Aphunzitsi, tiyeni tikambe. Masiku onsewa munkabwera mukudziwa."

"Inde, bambo."

Mwana wawo, amene anali ataima kuseri kwa mpando, anachotsa dzanja paphewa la bwenzi lake.

"Koma munati foni simuyang'ana."

"Sindinaname pamenepo. Ndinkachita kuuzidwa."

"Ndi ndani?"

"Zimenezo mundikhululukire. Wolakwa ndine, amene ndinkazinena ngati nzeru zanga."

"Dzina."

"Sinditchula, bambo."

"Ndine," anatero amayi. Anali pakhomo la kukhitchini, kansalu kopukutira mbale kali paphewa. "Musiyeni mwana wa eni. Akabwera kudzandipatsa moni ndinkamutsina khutu."

A Mafiriji anatembenuka ndi mpando womwe. "Inu? Inu simudziwa n'komwe kusiyana kwa Dokowe ndi Chiwala."

"Dokowe ndi wamtaliyo, ndipo amaopa potsetsereka kukagwa mvula. Ndimaonera masana ndikamasita. Ndinayamba kalekale, chithunzi chija musanachipale."

"Zaka zonsezi?"

"Nanga ndikanadziwa bwanji tsiku lokuuzani nkhani? Munthu wanu akapambana, mumavomera chilichonse. Akaluza, ngakhale mchere umakulakwirani. Za kosi ya unamwino ya mwanayu ndinakuuzani tsiku liti? Kumbukani bwino."

A Telala anayamba kuseka, kenako anaona nkhope ya mnzawo n'kusandutsa kusekako chifuwa.

"Ndiye mlendo n'kumuphunzitsa bodza m'nyumba mwanga?"

"Tsiku loyamba anakufunsani funso, inu munamuyankha ndi limoti. Anatuluka muno ngati wanyowa ndi mvula. Ndinaona kuti pakhomo pano munthu salowera pachitseko, amalowera panjinga. Ndinati ndimuuze kamodzi kokha kuti mumuyankhuleko. Iye n'kukomedwa, ine n'kukomedwanso pokuonani mukudabwa."

"Ine ndinakayikira a Telala. Ndinakayikira mwana wanga."

"Zimenezo ndinalakwa," anatero amayiwo. "Ndinkayesa mutopa."

A Mafiriji anadzuka, natuluka panja. Anayenda mpaka kushopu, natsegula, nakhala pa firiji yogonekedwa pansi, osayatsa magetsi ngakhale m'katimo munali kamdima. Anayamba kukumbukira madzulo ambirimbiri: masiku amene tiyi ankabwera msanga ndiponso wa shuga wambiri, masiku amene akazi awo ankati mutu ukuwawa n'kukagona mpikisano usanathe. Iwo ankati amaonera osadziwa kanthu, chonsecho yankho linkayendayenda m'nyumba, kuwapatsa madzi osamba m'manja.

Posakhalitsa pakhomo panaima mphunzitsi. Sanalowe.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa. Mukandiletsa kubwera, ndimva."

"Mwana wanga wati chiyani?"

"Wati ndiyambe ndathana ndi inu, za iye zibwera pambuyo. Sakundiyankhula."

"Akuchita bwino. Tsiku lija munaphonya, linali dala?"

"Amayi anati ndikamalondola masiku onse mudzadabwa."

A Mafiriji anapumira m'mwamba. "Chinthu chimodzi mwachita bwino lero. Amayi simunawatchule. Zinazo ndidzaziona pang'onopang'ono. Ine sindifulumira kukhulupirira munthu."

"Ndamva, bambo." Anatembenuka kuti azipita, kenako anaimanso. "Koma funso lija simunandiyankhe. Bwanji wamphamvu osangothawa kuyambira pachiyambi?"

"Mwaona nokha lero. Mphepo, aphunzitsi. Wakutsogolo amalimbana nayo yekha, akumbuyo amabisala kwa anzawo n'kumasinthana. Lowani, musaime pakhomo ngati wobweretsa firiji."

Anatenga mabawuti pa tebulo n'kuwandandalika pamwamba pa firijiyo, limodzi patsogolo, ena mulu kumbuyo, nayamba kufotokoza.

Sabata yomaliza mphunzitsi ankabwerabe, koma moni wa amayi ankaperekera pabalaza, a Mafiriji ali pomwepo. Sanaloserenso. Ankafunsa mafunso, ena opusa, ena abwino, ndipo ankayankhidwa. Mwana wawo anamuyankhula Lachitatu, atamusiya kaye kuti aphike ndi mantha.

Amayi analonjeza kuti masana saoneranso. A Mafiriji anavomera ndi pakamwa pokha. Akafika kuchokera kushopu ankagwira kumbuyo kwa TV kuti amve ngati kukutentha. Loweruka, tsiku la phiri lomaliza limene jezi inkayenera kudziwika mwini wake, anapeza TV ili yozizira, koma akazi awo akung'ung'udza nyimbo kukhitchini.

"Mukuimbiranji?"

"Kuimba kwaletsedwanso?"

"Nyimbo imeneyo ndi ya chisangalalo. Chiwala walanda jezi eti?"

"Sindikudziwa, bambo a mwana."

"Kapena mukuimba kuti ndiganize choncho."

Amayiwo anapukuta m'manja, nabwera pabalaza, nakankha khushoni ya a Telala kuti apeze malo. Aka kanali koyamba kukhala nawo pampando wa njinga.

"Yatsani," anatero. "Koma muziyang'ana kutsogoloko, osati nkhope yanga."

A Mafiriji anayatsa. Opalasa anali akutuluka m'tauni ina ya matchalitchi akale, chigulu chonse chili pamodzi, mapiri akuoneka chapatali. Chiwala atadutsa pa galasi, a Mafiriji anaponya diso kumbali. Akazi awo anali atatsamira kutsogolo, chala chili pamlomo, ndipo iwo sanathe kudziwa ngati ndi nkhope ya munthu wosadziwa kapena ya munthu amene wakhala akuwapusitsa bwinobwino kwa zaka zambiri.